Nkhafi Imene Tinasiya Kumutu kwa Ruo

Ababa anayamba kunena zoti akufuna kukaona kumene mtsinje wa Ruo umachokera titangomaliza kulira amayi. Poyamba ndinkangoti ndi zolankhula za munthu amene watsala yekha m'nyumba. Munthu woti moyo wake wonse wakhala m'mwadiya, bwato lathu losema lija, akuzungulira m'madambo a ku Makhanga, woti chitunda chachikulu chimene anakwerapo ndi chulu, akatani pamwamba pa phiri la Mulanje? Koma zaka zinadutsa nkhani ili yomweyo. Ndikawapititsira ufa, Ruo. Ndikapita kukawachapira, Ruo. Mpaka ndinayamba kuwayankha kuti mtsinjewo uli kuseri kwa nyumba, akaufunse okha kuti kwawo n'kuti.

Amayi anapita chonchi. Sabata imeneyo kwathu kunalibe mvula yoti munthu n'kuidandaula. Inagwa kuphiri, kutali kumene ife sitinkaona, ndipo Ruo anangoti balamanthu m'minda dzuwa likuwala. Amayi anali atawolokera kudimba. Ababa anali kudambo ndi ukonde. Amuna a m'mudzi anafufuza m'bango monse mpaka kumunsi kwa Chiromo, kumene Ruo amathira mu Shire. Anapeza mbuzi zotupa, zitseko, mtondo wa eni ake, koma amayi ayi. Akuluakulu anati tikwirire thunthu la nthochi m'malo mwawo kuti maliro atheke. Ababa anakana, amvekere mkazi wawo si nthochi. Ndiye manda a amayi kulibe, ndipo amene sanalirepo maliro opanda mtembo asandiuze kuti akudziwa mmene zimawawira.

Awiriwa anali ndi kayitanidwe kawokawo. M'mawa kudambo kumagwa nkhungu, ndipo munthu ukakhala m'mwadiya pakati pa bango ndi gumbwa sudziwa kumene kuli mtunda. Amayi ankaima padoko n'kukuwa kuti, "Uuu-weee!" kumapeto n'kukweza mawu ngati akufunsa funso. Ababa sankayankha ndi pakamwa. Ankagogoda nkhafi m'mbali mwa mwadiya, gu gu, kenako n'kupalasa kulunjika kumene kwachokera mawuwo. Kwathu ndi mmene timachitira tonse: wokuyitana m'nkhungu umamuyankha, ndipo ukasokera umatsata madzi, chifukwa madzi onse amapita ku Shire, ndipo ku Shire kuli anthu. Koma mawu enieniwo, ndi kukweza kwake kuja, anali a amayi okha. Ife ana tikayerekeza kuwatsanzira tinkalandira khofi.

Tsiku la madzi lija ababa akuti anamva kuyitanako. Anagogoda, anapalasa, koma madzi anawakankhira pamtengo wa mlambe umene unali utamira theka, nkhafi n'kuthyoka. Anatsala ndi mpini m'manja. Mpini umenewo anausandutsa ndodo yawo, ankapita nawo ngakhale kutchalitchi.

Ine ndimagulitsa nsomba. Ndimagula mphende ndi milamba kwa asodzi, kuthira ayisi m'bokosi, n'kukwera nazo kumtunda. Pamsika amandidziwa ndi pakamwa, ndipo sindikana. Nkhope ndi mawu ndinatengera amayi, aliyense amatero, koma mtima wawo woleza uja unandidumpha. Ndiye chaka china m'chilimwe, mwezi wa Okutobala, nthaka ikuwotcha mapazi, agalu atatulutsa malilime pansi pa nkhokwe, ine nditatopa ndi ayisi wosungunuka ndisanafike n'komwe pamsewu, ababa anayambanso za Ruo. Ndinangoti basi, tiyeni, mukauone mutisiye tipume. Kunena zoona nanenso ndinkafuna. Anthu amawoloka nyanja zikuluzikulu kudzaliona phirili, ife amene timamwa madzi ake timangolidziwa ngati mtambo wa kumpoto.

M'mawa wa tsiku la ulendo ndinawapeza atameta ndevu, atavala jekete lawo la Lamlungu, kutentha konse kuja. Ukonde pakhonde panalibe. Anati apatsa aneba chifukwa wakalamba. Mwadiya anati apatsa mdzukulu. Nditasuzumira m'khola la nkhuku munali mbee. Ndinawafunsa ngati nkhuku nazonso zakalamba, iwo anangoyang'ana kumbali n'kumapukuta mpini wawo ndi mkono wa jekete. Munthu wopita kukaona malo n'kubwerako sagawa nkhuku. Ndikanatha kuuthetsa ulendowo pomwepo, koma ndimawadziwa ababa, akanapita okha tsiku limene ine ndili kumsika. Ndiye ndinamanga chitenje changa zolimba n'kunena mumtima kuti tikwera awiri ndipo titsika awiri, ngakhale ndichite kuwabereka kumsana.

Tinakwera kabaza msewu wa ku Thekerani, kenako minibasi, n'kukagona kwa mayi wina amene amandigula nsomba, m'mudzi wa kumunsi kwa minda ya tiyi. Iyeyo ndiye anatipezera wotilondolera njira, amene kumeneko amati gaidi. Anali bambo wamfupi, wa imvi za apo ndi apo, wosakonda zolankhula. Kusanatenthe tinali titadutsa kale m'tiyi. Titafika poyambira nkhalango gaidi uja anaima n'kutiuza zake. Anati nkhungu ikabwera tikhale pansi pomwe tiliripo. Tikamva wina akuyitana tisayankhe. Ndipo zivute zitani tisatsate madzi.

Ine ndinaseka mpaka kuomba m'manja. Ndinamuuza kuti bambo inu, ife nkhungu tinabadwiramo, ndipo zonse mwanenazi kwathu ndi mmene munthu amafera. Iye sanatsutse. Anangoti madzi a kuno sapita kwa anthu, n'kuyamba kuyenda.

Kukwera kwake, abale! Ndinkayesa ndine wamphamvu chifukwa ndimasenza bokosi la nsomba, koma dzuwa lisanafike pena paliponse ndinali wefuwefu. Malo ena panali makwerero a mitengo omangidwa ndi waya, otsamira pathanthwe, ndipo ukayang'ana pakati pa miyendo yako umaona nsonga za mitengo. Ababa ankangokwera ngati nyani, mikono yopalasira ija ikuwakoka, mpini ataukoleka kumsana. Ankandidikira pamwamba n'kumati msika wandinenepetsa. Ndinawauza kuti nsomba zimene zandinenepetsazo amadya nawo. Anaseka, ndipo kuseka kwawo kunandiwopsa kuposa makwerero, chifukwa panali patapita zaka ndisanakumve.

Zokongola zinalipo, sindinganame. Kunali zomera zonga zimene timaziponda m'mphepete mwa zitsime, koma kumeneko zinali zazitali kuposa nyumba. Mitengo ya mkungudza inali ndi ndere zolendewera ngati ndevu za nkhalamba, ndipo fungo lake linkandikumbutsa bokosi la zovala la amayi. Kudzanja lamanja, pansi penipeni pa chigwa, Ruo ankalindima osaoneka. Mphepo inali yozizira moti thukuta linkauma lisanatsike pakhosi. Pamalo ena poonekera patali gaidi analoza kumwera n'kunena kuti kwanu ndi uko. Tinayang'ana, koma kunali mbuu, utsi ndi fumbi basi, ngati kulibe dziko. Ababa anayang'anitsitsa nthawi yaitali n'kunena kuti ndiye kuti akuno nawo sationa.

Titatulukira pamwamba ndinadabwa kuti phiri lili ndi dziko lake. Kunali chidikha chachikulu cha udzu wofiirira, timaluwa tikutuluka pamene panapsa moto, ndipo mozungulira munali mitu ya miyala yosalala, yopanda mtengo ndi umodzi womwe, ngati mitu yometa pamaliro. Chimene chinandisowetsa mtendere ndi zii wake. Kwathu ngakhale masana dzuwa likuswa mtengo umamva tambala, musi, wailesi ya aneba, mwana akulira, udzudzu. Kumeneko kunalibe kanthu. Ndinkamva magazi anga m'makutu. Akhwangwala awiri a khosi loyera ankatitsatira, akutera pamwala uwu ndi uwo, osalira. Ndinayamba kulankhula zilizonse kuti pamveke munthu, koma mawu anga ankangothera pakamwa pomwepo, ndipo ndinasiya.

Dzuwa litapendeka pang'ono tinafika pakanyumba ka matabwa kamene alendo amagonamo. Pakhonde panakhala mayi wina wachizungu, wachikulire ndithu, imvi zili mbuu, miyendo yowonda ngati ya kakowa. Anatipatsa mabisiketi, ababa n'kuwomba m'manja kuti takhuta, mmene timathokozera kwathu. Gaidi wathu ankadziwa Chingerezi, ndiye ankamasulira. Mayiyo atamva kuti tachokera kuchigwa kudzaona mutu wa mtsinje wathu anasangalala, anatulutsa foni kuti atiwonetse mitsinje ya kumapiri akwawo.

Ndinaona mapiri oyera, akuthwa ngati mano a galu, ndipo pakati pawo panali mtsinje waukulu kuposa Shire, wokhotakhota bwinobwino ngati mtsinje uliwonse, koma wouma gwa. Unali ayisi wokhawokha, pena woyera, pena wobiriwira, wong'ambika ming'alu yoti minibasi n'kulowamo. Mayiyo anati chithunzicho anajambula m'chilimwe cha kwawo, ndipo zoonadi m'mbali mwake munali anthu ovala akabudula akuyenda m'kanjira, ena atakhala pamiyala akudya. Ine ndinafuula kuti ayisi yense uyu waulere, ine ndikuvutika ndi kachidutswa kosungunukira panjira! Gaidi atamasulira mayiyo anaseka mpaka kutsokomola.

Kenako anasiya kuseka. Anati mitsinje imeneyi ikusungunuka, chilimwe chilichonse ikubwerera m'mbuyo, pamene ankaponda ayisi ali mtsikana pano pali miyala. Ndipo ikamasungunuka ikubweza anthu. Amene anagwera m'ming'alu kalekale, ena iye asanabadwe, akutuluka kumunsi kwake ali ndi nsapato kuphazi, tsitsi lilipo, zovala zilipo, abale awo n'kuwazindikira n'kukawaika m'manda. Gaidi ankamasulira mawu ndi mawu, mwaulemu wake. Ndinamuponda phazi, ndinamutuzulira maso, koma munthu uja anamaliza zonse.

"Amawabweza?" anafunsa ababa.

Gaidi anati akutero mayiwa. Ababa anapempha foni ija. Anaigwira ndi manja awiri ngati mbale ya mgonero, n'kuyang'ana dwii. Kenako anafunsa ngati kuno nako kumakhala ayisi. Gaidi anati m'nyengo yozizira, m'mamawa, timadziwe ta pamwamba pano timachita kachikopa kouma ngati galasi. Ababa anagwedeza mutu mmene amachitira wogula mukagwirizana mtengo. Mayi wachizungu uja ankangomwetulira, osadziwa chimene waponya. Ndinalakalaka nditaitaya foni yakeyo m'chigwa.

Kuchokera pakanyumbako kupita kumutu kwa mtsinje sikunali kutali. Tinayenda m'udzu, nthaka ikumira pansi pa mapazi ngati siponji, mpaka gaidi anaima pamene timadzi tinkatuluka pansi pa miyala n'kukumana kukhala kangalande. Anati mitu ya Ruo ndi yambiri, koma uwu ndi umodzi mwa iyo. Ndinayang'ana. Kanali kamadzi koyera, kakuyenda mwaulemu pamwamba pa timiyala, koti mwana wokwawa n'kukawoloka. Ndinaima mwendo uku mwendo uku, Ruo yense akudutsa pakati pa mapazi anga, ndipo mkwiyo unandikwera mpaka m'maso. Ndinakafunsa kuti ndiwe yemwe uja? Ndiwe unatenga amayi anga, iwe kakang'onong'ono iwe? Ndinakatukwana mawu amene sindingalembe pano.

Ababa ananjuta n'kuviika dzanja. Analisiya momwemo mpaka zala zinayera. Anati akuzizira ngati ayisi wanga wa m'bokosi, ndipo madzi otere sawononga chinthu, amasunga. Ndinaona kumene maganizo awo ankapita, ndiye ndinawadula. Ndinati ababa, madzi sakwera phiri, amayi anapita kumunsi, ku Zambezi, mwina mpaka kunyanja ya mchere.

"Nanga kumunsiko tidawapeza?" anatero.

Ndinakhala pamwala n'kuvula nsapato chifukwa chala chinali chitatupa thuza. Ababa anaimirira n'kumayenda pang'onopang'ono m'mbali mwa kamadziko, akugogoda miyala ndi mpini. Diso langa linali pa iwo. Sanali patali, munthu ukanawaponyera lalanje akanawakha. Ndinawerama kuti ndimange chala ndi kansanza, ndipo nditadzutsa mutu mitu ya miyala ija inali itasowa. Nkhungu inkatsika m'phiri ngati utsi wa nyumba imene ikupsa, koma yopanda fungo, yopanda phokoso. Ya kwathu imadzuka pamadzi pang'onopang'ono, imakupatsa mpata. Iyi inangotikwirira. Jekete la ababa linachita mbuu, kenako panalibe jekete.

Gaidi anandigwira mkono n'kundikhazikanso pansi. Ndinakuwa kuti ababa khalani pansi pomwepo. Anayankha kuti akhala, ndipo mawu awo anamveka pafupi. Ndinapumako. Kunazizira mwadzidzidzi, timadontho tikumata pansidze. Tinkangomva kamadzi kaja kokha.

"Uuu-weee?"

Kunachokera kumunsi, kumene madzi ankalowera. Sikunali kokweza. Kunali kofatsa, kosathamanga, kumapeto n'kukwera ngati funso. Pambuyo pake ndinamufunsa gaidi kuti chinali chiyani, iye anati mwina mbalame, mwina ocheka matabwa, mwina mphepo m'miyala, koma ankalankhula akuyang'ana nsapato zake. Anene zimenezo kwa ena. Ine mawu amenewo ndinawamva m'mawa uliwonse kuyambira ndili kumsana. Thupi lonse linachita tsemwe, ndipo chinthu choyamba chimene ndinafuna, ndisaname, chinali kudzuka n'kuthamangira komweko.

Kenako ndinamva gu gu. Mpini pamwala.

Ndinamva nsapato zikulowa m'madzi. Ndinakuwa kuti ababa, ababa, imani! Sanandiyankhe. Kuyitana kuja kunabweranso, patali pang'ono, ndipo gu gu anayankha, nayenso patali pang'ono. Ankachita zimene anachita moyo wawo wonse: wakuyitana wamuyankha, madzi ukuwatsata. Gaidi anandinong'oneza kuti kumunsiko kamadzi kamayenda pathanthwe loterera, kenako kamagwera kuphompho, ndipo si patali. Anayesa kukwawa kulowera komweko koma anabwerera, anati sakuona ngakhale manja ake, akapitirira tikhala tataya awiri. Ndinayitana dzina lawo lenileni, limene sindinalitchulepo chibadwire. Ndinawakumbutsa adzukulu awo. Ndinalira. Gu gu ankangoyankha winayo.

Pamenepo ndinaimirira. Gaidi anadziwa chimene ndikufuna kuchita, ananditseka pakamwa ndi dzanja, ine n'kuliluma. Ndinakoka mpweya wozizira uja mpaka m'chifuwa munapweteka, n'kuyitana kuyitana kwa amayi, kumene sindinakuyerekezepo chilandirire khofi ndili mwana. Kunatuluka koyipa. Kunali kosasa, kong'ambika, ngati ndikukangana ndi wakuba pamsika, chifukwa ndinali nditakwiya ndi onse: ababa ndi nkhuku zawo, Ruo, mzungu ndi foni yake, ngakhale amayi enieniwo, chifukwa chowoloka kupita kudimba tsiku limene lija. Mawu anga anagunda miyala n'kuzimirira. Kunali zii.

Winayo anayitananso, mofatsa momwe muja. Ine ndinayitana pamwamba pake. Iye akayamba, ine ndinkamudula. Tinalimbirana mwamuna mmodzi ngati akazi a pamitala, wina akuoneka wina osaoneka, ndipo sindikudziwa kuti zinatenga nthawi yaitali bwanji. Chimene ndikudziwa n'chakuti kugogoda kunasiya. Sikunayankhe ine, sikunayankhe iye. Ndinati basi, agwa. Koma sindinasiye kuyitana, chifukwa ndikanasiya ndikanamva zii uja, ndipo ndinkamuopa kuposa china chilichonse. Kukhosi kunauma, mawu anayamba kutuluka ngati a khwangwala.

Chinthu chozizira chinandigwira phazi losavala lija. Ndinakuwa, ndinatsala pang'ono kuchiponda. Linali dzanja. Ababa anatuluka m'nkhungu akukwawa m'madzi momwemo, kukwera kumtunda, jekete lili chonyowa, mawondo a buluku atang'ambika, mpini palibe. Ndinawagwira pakolala n'kuwakokera paudzu. Ndinawamenya pachifuwa ndi zibakera, bambo anga ondibereka, gaidi akuona. Kenako ndinamasula chitenje n'kumanga dzanja lawo ku dzanja langa mfundo ziwiri. Anangondilola. Tinakhala pamenepo tikunjenjemera, atatu tonse titaunjikana ngati anapiye.

Kumunsi kuja kunayitananso kamodzi. Ndinamva mkono wa ababa ukulimba m'chitenje, kenako unafewa. Sikunayitanenso.

Nkhungu inachoka mmene inabwerera. Dzuwa linawala, timaluwa tili pomwepo, akhwangwala aja ali pamwala ngati palibe chachitika. Pamenepo ndi pamene ndinaona. Kamadzi kankatsetsereka pathanthwe lakuda, losalala ngati sopo, kenako kankangosowa, ndipo kutsogolo kwake kunali mlengalenga basi. Pamlomo penipeni pa thanthwelo panali mpini uja. Sunali wogwa. Unali wogonekedwa bwinobwino pamalo pouma, mopingasa, mmene msodzi amasiyira nkhafi padoko kuti mnzake aipeze. Gaidi anati akhoza kukautenga mokwawa. Ababa anati nkhabe, ayi, ausiye.

Tinagona pakanyumba kaja, mayi wachizungu atatibwereka bulangete, ndipo chitenje sindinamasule mpaka kunacha. Makwerero aja ababa anawatsika ngati nkhalamba, mwendo umodzi umodzi, ine ndili pansi pawo. Titafika m'minda ya tiyi, kutentha kutayamba kutilandira, tinakhala pansi pa mtengo kudya chinanazi chimene gaidi anatisendera. M'pamene ndinawauza kuti woyitana wachiwiri uja ndinali ine. Ndinkaganiza kuti mwina akwiya, kuti ndawanamiza ndi mawu a mkazi wawo.

Anaseka pang'ono, madzi a chinanazi akutsika pachibwano.

"Ukuyesa sindidadziwe? Amayi ako chikwatirane sadandiyitanepo mokalipa."

Ndinawafunsa kuti nanga anabwereranji, poti ankadziwa kuti si amayi.

"Iwe udali ndi mantha," anatero. "Iwo alibe changu. Adikira."

Ndinaika chinanazi changa pansi, n'kuwagwira dzanja kuti tizipita.

Pano ababa amakhala kwa ine. Ukonde aneba anabweza, nkhuku ayi, anali atadya kale. Za Ruo sanazitchulenso. Anasema nkhafi ina, ndipo m'mawa amatsika kudoko kukakwera mwadiya wa mdzukulu wawo, sapita patali. Kukagwa nkhungu ine ndimasiya nsomba, ayisi asungunuke ngati akufuna, ndimakaima padoko n'kuwayitana ngati ndikuthamangitsa mbuzi m'dimba. Ngakhale ali kuseri kwa nyumba, ngakhale ndikuwayitanira tiyi, sindiwayitana mofatsa, kuopa kuti angandisokoneze ndi woyitana wa kuphiri uja. Anthu a m'mudzi amagwedeza mitu, amati mwana uyu sanalangidwe, bambo ake amawakuwira ngati wantchito. Amayi a kutchalitchi anabwerapo kudzandilangiza. Ndinawapatsa mpando, ndinawamvera, ndinawaperekeza, mawa lake n'kukuwanso chimodzimodzi. Ababa okha ndi amene sadandaula. Amagogoda gu gu, n'kubwera.

Koma zaka zikupita, ndipo kukhosi kwa munthu nako kumakalamba. Dzana pamsika ndinkayitana mnzanga wogulitsa tomato kuti andisinthire ndalama, mayi wina wa kwathu amene anali patsogolo anatembenuka msangamsanga, dzanja lili pachifuwa. Anati mwanawe wandidzidzimutsa, mawu ako ayamba kufatsa masiku ano, ndimayesa ndi malemu amayi ako. Ankayesa akundiyamikira.